Momwe mungayambire kulemba nkhani zopeka za sayansi ndi zamatsenga ngati mumakonda kuwerenga

Pafupifupi aliyense wokonda nkhani zopeka anafikapo pa tsiku limene anatseka buku, n'kukhala chete kanthawi, kenako n'kudziuza mumtima kuti akanakhala iye mlembi, nkhaniyo sakanaimaliza choncho. Ambiri maganizo amenewa amawataya pomwepo poopa kuti ndi kudzikweza, koma ine ndimawaona ngati chizindikiro choyamba chakuti munthu wayamba kuliona buku monga chinthu chimene mnzake anachipanga ndi manja, chimene chikanatha kupangidwa mwanjira ina. Octavia Butler, mlembi wa ku America amene mu 1995 anakhala woyamba mwa olemba nkhani za sayansi kulandira mphoto ya MacArthur, imene imaperekedwa kwa anthu aluso lapadera, ankafotokoza kuti anayamba kulemba nkhani zamtunduwu ali ndi zaka 12, ataonera pa wailesi yakanema filimu imene sinamukhutiritse, n'kutsimikiza mtima kuti iye akhoza kupeka yoposa imeneyo.

Malangizo awa ndi a owerenga amene afika pamenepo, makamaka amene mtima wawo uli pa mitundu iwiri ya nkhani imene pa Chingerezi imatchedwa science fiction ndi fantasy. Mtundu woyambawo ndi wa nkhani zopeka zochokera pa sayansi, monga za maulendo opita ku mapulaneti ena, za makina oganiza, kapena za mmene moyo ungadzakhalire zaka mazana zikubwerazi. Wachiwiriwo ndi wa nkhani za matsenga, za zilombo zimene kulibe, ndi za maiko ongoganizira okhala ndi malamulo awoawo. Kukonda kuwerenga ndiye maziko a ntchitoyi, koma pakokha sikukwanira, pakuti munthu akhoza kukhalira mpando zaka makumi atatu osadziwa kuukhoma. Chofunika ndi kuutembenuza mpandowo kuti muone mmene mmisiri analumikizira matabwa.

Choyamba, werengani kawiri buku limene mumalikonda

Ulendo woyamba werengani monga mwa nthawi zonse, mukudzilola kutengeka, kuopa ndi kudabwa. Musadzimane chisangalalo chimenechi chifukwa ndi chimene mudzafune kupatsa ena, ndipo simungapatse munthu chinthu chimene inu mwaiwala kukoma kwake. Ulendo wachiwiri werengani muli ndi pensulo ndi kope. Popeza tsopano mukudziwa kumene nkhani ikupita, maso anu amasuka kuona mmene mlembi anakufikitsirani kumeneko.

Yambani ndi tsamba loyamba lokha, ndipo likopereni pamanja liwu ndi liwu. Ntchitoyi imaoneka ngati ya mwana wa sukulu, koma dzanja limazindikira zimene diso limadumpha: pamene chiganizo chafupika mwadala, pamene ndime yadulidwa, pamene mlembi wasankha kusatchula chinthu chimene inu mukanachitchula. Mukamaliza, dzifunseni mafunso atatu kapena anayi. Ndi pa chiganizo chiti pamene ndinazindikira kuti dziko la m'nkhaniyi si lathu lino? Ndi mawu angati opeka amene mlembi waika pa tsambali, ndipo ndi angati amene wawamasulira? Ndi liti pamene ndinayamba kudera nkhawa mpangankhani wamkulu? Kawirikawiri mudzapeza kuti alembi aluso samasulira zambiri. Amaonetsa munthu akuchita chinthu chachilendo ngati chozolowereka, mwachitsanzo mayi akuwerenga mabotolo a mpweya otsala asanalole mwana kutuluka panja, ndipo wowerenga amadzilumikizira yekha kuti kunjako kulibe mpweya wopuma. Luso limeneli ndi limene limasiyanitsa kwambiri nkhani zamtunduwu ndi zina zonse, chifukwa wolemba za moyo wa tsiku ndi tsiku safunika kuuza wowerenga kuti dzuwa ndi limodzi, pamene inu mwina mudzafunika kutero popanda kuimitsa nkhani.

Chitani chimodzimodzi ndi buku limene munalisiya pakati. Pezani tsamba lenileni limene munatopera, ndipo lembani chifukwa chake m'chiganizo chimodzi. Mwina mlembi anathera masamba asanu akufotokoza mbiri ya ufumu musanadziwe n'komwe munthu wokhala mu ufumuwo, kapena ngwazi inapulumuka ndi mphamvu imene sinatchulidwepo kale. Kwa ine mabuku otere akhala aphunzitsi okhulupirika kwambiri, chifukwa cholakwa chimaoneka msanga kuposa luso, ndipo mukachitchula dzina mumachizindikira chikadzabwera m'zolemba zanu.

Chachiwiri, kulitsani zimene mumawerenga

Wowerenga nkhani za mlembi mmodzi yekha amadzalemba ngati mthunzi wa mlembiyo. Werengani zakale kuti mudziwe njira zimene zinapondedwa kale. Buku la Mary Shelley lakuti Frankenstein linatuluka mu 1818, ndipo la H. G. Wells lakuti The Time Machine linatuluka mu 1895, kutanthauza kuti nkhani ya munthu wopanga cholengedwa chimene chikumutembenukira, ndi ya makina oyendera m'nthawi, zakhala zikulembedwa kwa zaka zoposa zana. Mabuku onse awiriwa amapezeka mwaulere pa intaneti ku Project Gutenberg. Werenganinso zatsopano kuti mudziwe zimene akonzi akusindikiza lero. Magazini ya Clarkesworld, imene inayamba mu 2006, imaika nkhani zake pa intaneti kuti aliyense awerenge osalipira, ndipo ya Omenana, imene inayambira ku Nigeria mu 2014, imasindikiza nkhani zamtunduwu zolembedwa ndi Aafirika. Mndandanda wa nkhani zopikisana pa mphoto za Hugo, Nebula ndi Nommo, zimene zimaperekedwa kwa olemba nkhani zamtunduwu, umakupatsani poyambira chaka chilichonse.

Koma musathere pa nkhani zopeka zokha. Maiko ongoganizira amamangidwa ndi njerwa za dziko lenileni, choncho mabuku a mbiri yakale, a zakuthambo, a zamoyo, a zachuma ndi a zipembedzo ndiwo nkhokwe yanu. Mlembi Frank Herbert anapita ku Florence, m'chigawo cha Oregon ku America, mu 1957 kukafufuza za ntchito yoletsa milu ya mchenga kusuntha pobzalapo udzu. Nkhani ya m'magazini imene ankafuna kulemba sinatuluke, koma chidwi chake pa mchenga, madzi ndi anthu a m'chipululu chinabala buku la Dune mu 1965.

Chachitatu, sinthani chinthu chimodzi ndipo mutsatire zotsatira zake

Nkhani zambiri zamtunduwu zimabadwa ku funso lakuti "bwanji ngati". Khalani ndi kope lolembamo mafunso otere nthawi iliyonse akakufikirani, ngakhale ooneka opusa. Cholakwa chofala kwa oyamba kumene ndicho kuunjika zodabwitsa: m'nkhani imodzi muli zombo za m'mlengalenga, afiti, maloboti ndi nkhondo ya milungu. Wowerenga akapatsidwa zonsezi nthawi imodzi sadabwa ndi chilichonse. Sankhani chinthu chimodzi, chisintheni, kenako mudzifunse moleza mtima kuti kusinthako kukhudza bwanji ntchito, banja, malamulo, malonda ndi mapemphero a anthu a kumeneko.

Tiyeni tione chitsanzo. Uthenga wa pa wailesi umatenga mphindi zapakati pa 3 ndi 22 kuchoka pa dziko lathu kufika ku Mars, malinga ndi mmene mapulaneti awiriwa atalikirana pa nthawiyo. Mfundo yaing'ono imeneyi ikutanthauza kuti mayi wogwira ntchito ku Mars sangacheze ndi mwana wake wotsala kuno monga timachitira pa foni. Ganizirani awiriwa atakangana. Mwana watumiza mawu owawa, ndipo patangopita mphindi ziwiri wanong'oneza bondo n'kutumiza ena opepesa, koma oyamba aja ali kale pa ulendo ndipo palibe chingawabweze. Mayi awamva, ayankha ndi mkwiyo, ndipo kupepesa kuja kukum'fika yankho lake litanyamuka kale. Pamenepo muli ndi nkhani yathunthu, yopanda chilombo kapena mfuti, imene singachitike kwina kulikonse koma m'dziko limene mwapekalo. Mukafuna kuikulitsa, kumbukirani kuti mphamvu yokokera zinthu pansi ku Mars ndi pafupifupi 38 peresenti ya yakuno, ndipo tsiku la kumeneko ndi lalitali ndi mphindi pafupifupi 40 kuposa lathu, kotero nthawi yodzuka ya mayi ndi ya mwana imanka isiyana pang'onopang'ono, n'kudzakumananso patapita masabata angapo. Simufunika digiri ya sayansi kuti mulembe zotere, koma mufunika khalidwe lofufuza musanalembe, chifukwa owerenga nkhani za sayansi amaona msanga nambala yolakwika ndipo akaiona amasiya kukukhulupirirani pa zina zonse.

Chachinayi, chodabwitsa chilichonse chikhale ndi malire ndi mtengo wake

Apa ndi pamene olemba nkhani zamatsenga amagwa kawirikawiri. Ngati mpangankhani wanu angathe kuchita chilichonse ndi matsenga, ndiye kuti palibe vuto limene lingamuopse, ndipo wowerenga alibe chifukwa chotsegulira tsamba lotsatira. Musanayambe kulemba, yankhani pa pepala mafunso awa: ndani ali ndi mphamvuyo, anaipeza bwanji, singathe kuchita chiyani, ndipo woigwiritsa ntchito amataya chiyani?

Tiyerekeze kuti mwapeka mzimayi wotha kuchiritsa matenda aliwonse, koma nthawi iliyonse akachiritsa munthu amaiwala dzina limodzi mwa maina amene amawadziwa, ndipo sasankha yekha dzina loti litayike. Poyamba amataya maina a mitsinje ndi a anthu amene anakumana nawo kalekale, ndipo sadandaula. Kenako tsiku lina akuitana mwamuna wake, pakamwa pangoti kakasi. Tsopano wodwala wafika pakhomo, ndipo maina amene atsala m'mutu mwake ndi ochepa, limodzi mwa iwo ndi la mwana wake. Onani kuti lamulo limene munaika pachiyambi ndi limene labala chisankho chowawacho, ndipo inu simunafunike kupeka mdani. Onaninso kuti lamulolo limakumangani inu mwini. Simungafike kumapeto n'kunena kuti mainawo abwerera mwadzidzidzi, pokhapokha ngati munabzala njira yake kumayambiriro, pamalo pamene wowerenga anaiona koma osaiganizira. Wowerenga amalola kukhulupirira zosatheka zilizonse, koma sakhululuka mukaphwanya lamulo limene munam'patsa nokha.

Chachisanu, yambani ndi munthu

Kumanga dziko n'kokoma kwambiri moti ena amathera zaka akujambula mapu, akundandalika mafumu ndi kupeka zilankhulo, osalemba ndime ndi imodzi yomwe ya nkhani. Amadzilimbitsa mtima potchula J. R. R. Tolkien, mlembi wa The Hobbit ndi The Lord of the Rings, koma amaiwala kuti iye anali katswiri wa zilankhulo pa yunivesite ya Oxford, ndiponso kuti mbiri ya dziko lake, imene anayamba kuilemba pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, sanaimalize. Inatuluka mu 1977 m'buku la The Silmarillion, iye atamwalira kale mu 1973. Zimene zinam'pezera owerenga ndi nkhani zotsatira munthu wamng'ono wochotsedwa pakhomo pake.

Choncho mangani dziko lokwanira nkhani imene muli nayo m'manja, ndipo zotsalazo zidikire. Sankhani mpangankhani amene kusintha kumene mwapeka kukum'pweteka kwambiri kuposa wina aliyense, mum'patse chinthu chimene akuchifuna ndi mtima wonse, ndipo muyambire nkhani pafupi ndi tsiku limene zinthu zikum'sokonekera. Pewani kukambitsa anthu awiri zimene onse akuzidziwa kale pongofuna kudziwitsa wowerenga, monga mkulu wa chombo kukumbutsa mnzake chaka chimene ananyamuka. Palibe amayankhula choncho. Ngati mfundo ili yofunika, ipezereni mkangano, ngozi kapena mlendo amene ali ndi chifukwa chenicheni chofunsira.

Nkhani ya chilankhulo ndi yofunika kuitchula pano. Lembani m'chilankhulo chimene khutu lanu limamva bwino pamene chiganizo chapindika. Ngati chilankhulocho chilibe mawu a makina amene mwapeka, musataye mtima, pakuti ngakhale liwu lakuti robot linachita kupekedwa, ndipo linafala kuchokera m'sewero la Karel Čapek lolembedwa mu 1920 m'Chitcheki, chilankhulo cha dziko la Czech. Dzifunseni kuti anthu ogwiritsa ntchito makinawo tsiku ndi tsiku angawatche chiyani, chifukwa anthu satchula chinthu ndi dzina la m'buku, amachitchula potengera ntchito yake, kulira kwake kapena mmene chimawavutitsira.

Chachisanu ndi chimodzi, lembani nkhani yaifupi ndipo muimalize

Ambiri amafuna kuyamba ndi mabuku atatu otsatizana chifukwa ndi amene anawakopa. Ndikulangiza kuti muyambe ndi nkhani yaifupi, chifukwa luso lomaliza nkhani limaphunziridwa pomaliza nkhani, ndipo amene wamaliza nkhani zazifupi khumi wadutsa pa chiyambi, pakati ndi pamapeto kakhumi, pamene mnzake akadali pa mutu wachitatu wa buku lake. Pa mphoto za Hugo ndi Nebula, nkhani yaifupi ndi yosafika mawu 7,500, ndipo buku lathunthu limayambira pa mawu 40,000, pamene pakati pake pali magulu awiri olekanira pa mawu 17,500. Mukamalemba mawu 300 patsiku, nkhani ya mawu 4,000 mudzaimaliza m'masabata awiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Butler uja ankadzuka usiku kwambiri kuti alembe asanapite ku ntchito zolemetsa zimene zinkamudyetsa, ndipo buku lake loyamba linatuluka mu 1976.

Polemba koyamba musamabwerere m'mbuyo kukakonza. Mukakakamira pa dzina kapena nambala, ikani chizindikiro ndi kupitirira.

Chachisanu ndi chiwiri, ikonzeni ngati yolemba wina

Mukamaliza, isiyeni nkhaniyo kwa masabata awiri kapena atatu, kenako muiwerenge ndi pensulo ija imene munawerengera mabuku a ena. Apa ndi pamene zaka zanu zonse zowerenga zimayamba kukubwezerani. Funsani tsamba lanu loyamba mafunso omwe aja. Iwerengeni mokweza, chifukwa pamene lilime lapunthwa ndi pamene wowerenganso adzapunthwe. Kawirikawiri mudzapeza kuti nkhani yeniyeni ikuyambira pa tsamba lachiwiri kapena lachitatu, ndipo zam'mbuyozo munkangodzifotokozera nokha dziko lanu. Zichotseni mopanda chisoni, ndipo ngati muli mfundo yofunika muimwaze pang'onopang'ono m'kati mwa zochitika.

Kenako perekani nkhaniyo kwa anthu awiri kapena atatu owerenga nkhani zamtunduwu. Musawafunse ngati yawasangalatsa, chifukwa okukondani adzavomera. Afunseni kuti akuuzeni pamene anasokonezeka, pamene anatopa, ndi pamene sanakhulupirire. M'magulu ambiri a alembi, kuphatikizapo maphunziro a Clarion a olemba nkhani zamtunduwu ku America, amene anayamba mu 1968 ndipo Butler anachita nawo mu 1970, mwini nkhani amakhala chete mpaka onse atamaliza kuyankhula. Lamulo limeneli ndi lanzeru chifukwa nkhani ikadzasindikizidwa simudzakhalapo kuti muifotokozere wowerenga aliyense. Anthu atatu akakhumudwa pamalo amodzi, dziwani kuti pamenepo pali vuto, ngakhale kuti njira yokonzera imene akukuuzani singakhale yoyenera. Njirayo ndi yanu kuipeza.

Chachisanu ndi chitatu, tumizani kwa akonzi

Magazini iliyonse imakhala ndi tsamba la malangizo kwa ofuna kutumiza nkhani, lonena kutalika kumene amalandira, mmene zolembazo zisanjidwire, nthawi imene amalandira, ndiponso ngati amalola kuti nkhani yomweyo itumizidwe kwina pa nthawi imodzi. Tsatirani malangizowo ndendende, ndipo werengani nkhani zingapo za m'magaziniyo musanatumize kuti mudziwe ngati yanu ili pamalo pake. Dziwaninso kuti magazini ambiri amafuna nkhani imene sinatulukepo kwina kulikonse, ndipo nkhani imene mwaiika kale poyera pa Facebook amaiwerengera ngati yosindikizidwa. Musatumize nkhani imene pulogalamu ya kompyuta yakupekerani. Mu February 2023 Clarkesworld inatseka kwa kanthawi khomo lolandirira nkhani chifukwa cha kuchuluka kwa zolembedwa ndi mapulogalamu a kompyuta, ndipo magazini ambiri amaletsa zimenezi poyera.

Pa za ndalama pali lamulo limodzi limene alembi akale amauza atsopano, lakuti ndalama zimayenda kupita kwa mlembi. Wosindikiza weniweni amakulipirani, kapena ngati ndi magazini yaing'ono yopanda chuma amakuuzani poyera kuti salipira. Amene akukuyamikirani kwambiri kenako n'kupempha kuti mum'lipire kuti akusindikizireni, muyambe mwam'fufuza bwino. Werengani mgwirizano wonse musanasaine, makamaka gawo lonena za ufulu umene mukupereka, kwa nthawi yaitali bwanji, m'zilankhulo ziti, ndiponso ngati ukukhudza mafilimu.

Makalata okukanani adzabwera, ndipo adzakhala ambiri kuposa ovomera. Dune lija linakanidwa ndi makampani osindikiza mabuku oposa 20 lisanatengedwe ndi Chilton, kampani imene inkadziwika ndi mabuku ophunzitsa kukonza galimoto. Sindikutchula zimenezi pofuna kunena kuti nkhani iliyonse yokanidwa ndi yabwino, ayi, koma kuti kukanidwa kamodzi sikukuuzani zambiri. Mkonzi akhoza kukhala atagula kale nkhani yofanana ndi yanu mwezi womwewo. Mukalandira kalata imene mkonzi watchulamo chinthu chenicheni cha m'nkhani yanu, kapena wapempha kuti mudzatumizenso ina, isungeni ndipo muchitedi zimenezo, chifukwa akonzi salemba mawu otere kwa aliyense.

Konzani tsamba m'kope lanu lokhala ndi mizere inayi: mutu wa nkhani, kumene mwatumiza, tsiku lotumizira, ndi yankho. Musanatumize koyamba, lembani kale magazini asanu motsatana, kuti kalata yokana ikafika m'mawa, madzulo ake nkhaniyo ikhale itanyamuka kupita kwa wachiwiri. Ikakanidwa ndi onse asanu, iwerengeninso ndi pensulo musanalembe mndandanda wina, ndipo pa masabata onse amene mukudikira mayankhowo, bwererani ku kope la mafunso lija, musankhemo funso lina, muyambe tsamba loyamba la nkhani yachiwiri.